Usathire Nsomba Tsiku Lomwelo, Tiyamike

Tiyamike mwana wanga, Nabanda,

Chibwerere ku Misa ndakhala pakhonde pano. Iwe wapita kukatsanzika anzako, amayi ako ali kuseriku akukukazingira mtedza wa paulendo, ndiye ndati ndilembe tsopano pakhomo pali zii. Ndikanatha kungokuuza pakamwa, koma ndimakudziwa. Ndikangoyamba umati, "Ababa mwayambatu," n'kumaseka, ine n'kuiwala pamene ndinalekezera. Pepala sungalidule mawu. Uwerenge mawa m'minibasi kapena ukafika ku Lilongweko, koma uwerenge mpaka pansi.

Za ntchito yako ya m'sitolo ya mankhwalayo sindinenapo kanthu, anaphunzira ndiwe. Chandikhazika pansi ndi chimene unanena Lachinayi lija, kuti ukangopeza nyumba ukaika thanki yakoyako ya nsomba, ndipo kuti a Lungu, bambo wa ku Chipata uja amadutsa ndi katundu pabodayu, alonjeza kukubweretsera zonse, galasi, pampu, nsomba zomwe, ulere. Chimvereni zimenezo mtima wanga sunakhale m'malo. Iwe wakula ukuiona thanki yathu ya pabalazayi ili kale bwino. Sunaone nsomba zimene ndinakwirira kuseri kwa bafa kuti ifike pamenepa.

Ndiyambe ndi madzi. Usawakhulupirire chifukwa choti akuoneka oyera. Uli wakhanda ndinali khukhi kunyumba kwa manijala wa esiteti ina ku Chiosya, ndipo akazi awo, mayi Kamanga, ndiwo anali ndi thankiyi. Ine ndinkangopukuta galasi kunja n'kumaonerera iwo akudyetsa, basi ndinadziyesa katswiri. Atawasamutsira kumpoto anati, "A Banda, galasili silikafika lamoyo m'misewu imeneyi, tengani." Anayamba kundifotokozera kasamalidwe kake, ine n'kuwadula, "Ndikudziwa, mayi, ndakhala ndikuona." Thanki ndinaikweza pangolo, nsomba khumi ndi ziwiri m'ndowa, ulendo wa kuno ku Guilleme kumene tinali titangolowa nyumba ya magetsi ino. Nditafika ndinatsuka galasi ndi timiyala take ndi sopo wa ufa mpaka zonse kuti mbee. Madzi ndinatunga mumgolo wa amayi ako, osakumbuka kuti inali nyengo ya kolera ndipo anali atathiramo kolorini. Ndinakhuthuliramo nsomba nthawi yomweyo n'kuitana aneba adzaone. M'mawa mwake zonse zinali pamwamba, kukamwa yasa yasa. Tsiku lachitatu zinatsala ziwiri.

Ndinapalasa njinga kubwerera ku Chiosya, n'kupeza katundu wawo akumukweza kale mu lole. Mayi Kamanga atamva anandifunsa, "Munatsukira chiyani?" Ndinati sopo. Anangogwira kumutu. "Nanga madziwo munawagoneka?" Ine ndinati, "Mayi, madzi amagonanso?" Sanaseke. Anang'amba tsamba la kalendala n'kundilembera kuseri kwake ataimirira pomwepo, dalaivala akuliza hutala. Zimene analembazo ndi zimene ndikukupatsa.

Sopo asayandikire thanki, ngakhale ndowa imene umatungira madzi ake. Ukagule ndowa yakeyake, uilembe chizindikiro, isamachapirepo munthu. Timiyala uzititsuka ndi madzi okha mpaka matope atha. Madzi a pampopi a m'tauni amakhala ndi mankhwala oti ife tisadwale, koma nsomba amazipsereza. Uziwatunga n'kuwasiya m'ndowa yosavundikira masiku awiri, ndipo ukapeza timadontho tochotsa kolorini m'masitolo a ziweto, ndi bwino koposa. Ukadzaza thanki, uyatse pampu ndi fyuluta yosefa madzi, uponyemo kachakudya ka nsomba kochepa kwambiri, uisiye ikuyenda yopanda nsomba masabata atatu kapena anayi. Musiponji ya fyulutayo mumayenera kuswana tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zonyansa za nsomba, ndipo sitifulumira chifukwa choti mwini wake ali ndi changu. Udzaona galasi lopanda kanthu, anzako adzakuseka kuti ukuweta madzi. Asiye aseke. Usathire nsomba tsiku lomwelo, Tiyamike. Wina aliyense wokuuza kuti palibe vuto, kaya sadziwa, kaya akufuna udzamufunenso nsomba zikafa.

Cholakwa changa chachiwiri chinali chofuna kuonetsa. Ndinaika thanki pawindo la kumsewu kuti odutsa aziona kuti kwa a Banda kuli zinthu. Sabata ziwiri zisanathe madzi anabiriwira ngati a m'dambo, nsomba osaoneka n'komwe. Dzuwa ndilo linachita zimenezo. Odutsawonso anaonadi, koma anaona zina. Ku Mphakati wathu wa kutchalitchi kunayamba kumveka kuti munthu wosunga nsomba zosadya m'nyumba ali ndi pamene wakhwimira, ndipo mayi wina analetsa ana ake kumwa madzi pakhomo pano. Ndinachita kuitana akuluampingo awiri, kuwamwetsa tiyi, kuwapatsa chakudya adyetse okha, nkhani n'kuzizira. Iwe ukaike thanki pakhoma lopanda dzuwa, patebulo lolimba losagwedezeka, chifukwa madzi ndi olemera kuposa mmene ukuganizira ndipo galasi likapendekeka limang'aluka. Alandilodi ukawauze usanailowetse, aione ndi maso awo masana. Ndi bwino amve kwa iwe kusiyana ndi kumva kwa aneba.

Pa kadyetsedwe, nsomba usazikhulupirire. Ukangoyandikira zimathamangira kugalasi ngati sizinadye mwezi wathunthu. Ine zinandipusitsa, ndinkazipatsa katatu patsiku ngati ana asukulu. Chakudya chotsala chinawolera m'timiyala, madzi n'kuyamba fungo, nsomba zinayi n'kupita. Kamodzi patsiku ndi kokwanira, kochepa koti zimalize usanamalize kupemphera Atate Athu kawiri. Sabata iliyonse uzichotsa madzi pang'ono, gawo limodzi mwa magawo anayi, n'kubwezeretsa ogonekedwa aja. Osakhuthula onse ayi. Siponji uziifinyira m'madzi akale amene wachotsawo, osati pampopi, ungaphe tizilombo tija n'kuyambiranso pachiyambi. Magetsi akazima nthawi yaitali usadyetse, uzingotunga madzi a m'thankimo ndi kapu n'kumawathira kuchokera m'mwamba kuti mpweya uzilowa. Juni akafika uikemo kahita kotenthetsa madzi, nsomba zimenezi kuzizira sizigwirizana nako. Wamva, Nabanda? Kamodzi patsiku, kochepa.

Tsopano za ogulitsa. Chaka china ndinapita kuboda kukaperekeza mnzanga, ndipo pansi pa mtengo ndinapeza munthu ali ndi timapepala ta pulasitiki ta nsomba m'beseni. Anali wolankhula bwino zedi. "Mudala, izi ni zochoka ku Lusaka, sizikufa olo muziike mu poto." Ndinasankha zitatu. Pamene ndinkanyamuka anatenga ina yofiira, ya mchira wautali, yokongola kuposa zonse, n'kuti, "Iyi tengani chabe, ni mbasela." Ndinabwera kuno ndikuimba mluzu panjinga. Ndinaziyandamitsa m'pepala lake pamwamba pa thanki kanthawi kuti zizolowere kutentha kwa madzi, monga anandilembera mayi Kamanga, koma china ndinachinyozera: nsomba yachilendo imayenera kukhala payokha m'chidebe china masabata awiri, uione kaye. Ndinati yokongola chonchi ingakhale ndi chiyani. Patapita masiku asanu inali ndi timadontho toyera thupi lonse ngati yawazidwa mchere, ikudzikhula pamiyala. Kenako matendawo anagwira zonse, ngakhale ziwiri zija zinapulumuka sopo wanga, zimene ndinali nditakhala nazo zaka zitatu. Nditabwerera pamtengo paja, wogulitsa nthochi anati munthuyo sanamuonenso. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti ankadziwa chifukwa chimene ankaiperekera ulere.

Choncho ukamagula, usathamangire kuloza. Uime uyang'ane thanki yonse ya wogulitsayo. Mukakhala yakufa imodzi, kapena ina yopinda zipsepse ili phee pakona, usagulemo ngakhale yooneka yamphamvu. Umuuze adyetse uli pomwepo, uone ngati zikudya. Uyambe ndi zitatu kapena zinayi zolimba, monga tinsomba tathuti timene amati magapi, osati zodula za m'mafoni zija. Umufunse kuti nsombayo ikakula imafika pati. Akayankha kuti siikula, ndi bodza, choka.

Ndafika pa a Lungu, ndipo ndikudziwa kuti apa wakwinya kale nkhope. Tsiku limene unabwera nawo kudzationa ndinawalandira bwino, sungandinene. Koma ndinkawayang'ana. Anati aweta nsomba zaka zambiri, komabe chinthu choyamba anagogoda galasi ndi kiyi wa galimoto, nsomba zonse n'kubalalika. Woweta nsomba satero. Anatsegula botolo la chakudya osapempha, ndikanapanda kuwagwira dzanja akanakhuthula theka. Ndinawafunsa dala kuti thanki yatsopano amaidikira masiku angati, anati, "Aa, mudala, ni same day chabe." Foni yawo ina inalira kanayi, anayi onsewo anaitembenuza chafufumimba osayankha. Amayi ako atafunsa za kwawo anatchula Chipata, koma mudzi sanatchule, mfumu sanatchule, ngakhale dzina la mbale mmodzi. Ndipo potsanzika ndinamva ndi makutu angawa akukuuza kuti azidzabwera sabata iliyonse kudzaona ngati madzi ali bwino.

Tiyamike, thanki ukaiika bwino siifuna mlendo sabata iliyonse. Imafuna iwe ndi ndowa yako. Munthu akakupatsa galasi, pampu ndi nsomba, ndiye kuti wapeza chifukwa chogogodera pakhomo pako nthawi imene wafuna, ndipo iwe udzachita manyazi kumubweza. Nsomba zikadzafa chifukwa cha "same day" yakeyo adzabweretsa zina, n'kubweranso. Sindikuti ndi munthu woipa, sindinamugwire ndi kanthu. Ndikuti sitikumudziwa. Ngati ali ndi mawu ena pa iwe, njira yake ilipo ndipo akuidziwa: atumize akwawo kwa amalume ako, dzuwa likuswa mtengo. Galasi ukagule wekha pang'onopang'ono, ngakhale laling'ono. Kiyi wa nyumba yako usampatse munthu ati adzadyetse nsomba iwe uli kuntchito, nsomba zimatha masiku awiri atatu osadya ndipo sizifa. Akadzakupempha kuti umusungire katoni kapena chikwama cha katundu wa paboda, ngakhale tsiku limodzi, ukane. Iwe ukukagwira ntchito ya mankhwala, ndipo anthu odutsa ndi katundu amadziwa phindu la mtsikana wovala yunifolomu yoyera. Ukane mwaulemu, koma ukane.

Tsopano pali nkhani imodzi imene sindinakuuzepo, ndipo cholembera chakhala chikundilemera kuti ndifike pamenepa. Ukukumbuka azakhali ako a Esinati, mlongo wanga, mmene anadzakhala nafe amuna awo atamwalira? Iwe unali Sitandade 7. Tinakuuza kuti anachoka chifukwa anapeza ntchito ku Kawale. Sizinali choncho. Ndinawathamangitsa ndine.

Esinati thankiyi sankaikonda, ndipo sankabisa. Ankati, "Achimwene, magetsi kumangoyakira nsomba zoti simudya? Bwenzi mutaweta nkhuku." Tsiku lina anati m'nyumba mmene muli munthu wamasiye simuyenera kumamveka phokoso la pampu ngati m'chipatala, tinakangana pang'ono. Inali nyengo yosankha fodya, ine ndinkakhala kuchigafa kuyambira m'mawa. Lachitatu lina ndinabwera masana, ndinapeza chomera china chazuka m'thanki, ndinapisa mkono n'kuchibzalanso, ndinadya, n'kubwerera kuchigafa. Pobwera madzulo ndinapeza nsomba zikuzungulira ngati zaledzera, zina zagona chammbali. Pofika m'mawa zisanu ndi ziwiri zinali zitafa. Madzi anali oyera, pampu ikuyenda, nsomba yachilendo munalibe. Ndinafunsa kuti anatsala pakhomo ndani. Amayi ako anali kumsika, iwe kusukulu. Anatsala Esinati yekha.

Sindinafufuze, ndinangoweruza. Ndinaima pabalaza pompa n'kunena kuti, "Wathiramo chiyani?" Anandiyang'ana n'kuti, "Achimwene, mukundifunsa ine?" Ndinati, "Unatsala ndiwe, ndipo unkazida ndiwe. Munthu wopha zinthu za mwini nyumba mwakabisira, mawa adzathira m'ndiwo." Mawu amenewo ndinanena ine, bambo ako, kwa mlongo wanga wa bere limodzi amene anali asanavule n'komwe zakuda. Amayi ako anati, "Bambo a Tiyamike, bwezani mawuwo." Sindinabweze. Esinati sanalire. Analowa kuchipinda, anamanga katundu wake m'chitenje, m'mawa anagwada pakhomo n'kuti, "Zikomo pondisunga." Anakana kuti ndimunyamulire katundu mpaka pasiteji.

Chaka chotsatira, nyengo yomweyo ya fodya, ndinabweranso kuchokera kuchigafa, ndinaona siponji yatsekeka, ndinapinda malaya kuti ndipise mkono. Amayi ako anali pakhomo ndi lichero. Anakuwa, "Imani! Taonani manja anuwo." Ndinayang'ana. Anali akuda bii ndi utomoni wa fodya mpaka m'zigongono, fumbi lake lili m'zikhadabo. Anati, "Si fodya yemweyu timawaza m'dimba kuti nsabwe za masamba zife? Nanga kansomba kangapirire?" Ndinaima pomwepo mkono uli m'mwamba, ndipo ndinakumbuka Lachitatu lija, chomera chija, mkono wanga uli m'madzi mpaka m'phewa. Ndinakhala pansi pasimenti.

Ndiye ulembe penapake: usanapise dzanja m'thanki usambe ndi madzi okha mpaka mafuta odzola, sopo ndi fumbi la mapiritsi a kuntchito zitachoka. Ukamapopera mankhwala a udzudzu uzimitse pampu, uvundikire thanki ndi nsalu yonyowa. Nsomba zikadzafa, ndipo zina zidzafa ndithu, uyambe wadzifunsa wekha chimene wachita tsiku limenelo usanayang'ane nkhope ya munthu wina.

Ukuona tsono chifukwa chake za a Lungu ndalemba kuti sitikuwadziwa, osati kuti ndi wakuba. Ine ndine munthu wokayikira, ndinabadwa choncho, ndipo kukayikako kwandipulumutsa kambiri. Koma tsiku limodzi limene ndinasandutsa chikayiko kukhala chigamulo ndinataya mlongo wanga. Iwe uzikayikira, uzitseka chitseko, uzidikira masabata ako, koma mlandu usamuike munthu pamutu usanaone ndi maso.

Papita zaka zisanu ndi zinayi. Ine ndi Esinati timakumana pamaliro pokha, timapatsana moni wa alendo. Amayi ako andiuza kosawerengeka kuti ndikwere minibasi ndikagwade, ine ndimati ndikakolola, ndikagulitsa, mvula ikatha. Zoona zake n'zakuti ndimaopa nkhope yake. Iye mpaka lero sadziwa kuti ndinazindikira. Akuganiza kuti ndimamuyesabe wothira mankhwala.

M'chikwama chako chakuda, m'thumba la m'mbali, ndaikamo adiresi yawo ya ku Kawale imene amayi ako akhala akusunga. Loweruka loyamba ukapite. Azakhali ako ali ndi diso lakuthwa kuposa langa, ndipo sanalakwirepo munthu monga ndinachitira ine. A Lungu akadzati akufuna kukuona, ukawauze akakupeze kumeneko, pakhonde la azakhali ako, tione ngati adzabwere. Thanki yako ikadzakwana masabata ake, udzandiimbire, magapi anayi oyamba ndidzabweretsa ndekha m'ndowa, ndipo ndikadzatsika m'depoti sindidzayamba kwa iwe, ndidzayamba ku Kawale. Ndalemba pano kuti ndisadzathenso kuzemba, ndipo amayi ako awerenga mzere umenewu.

Koma usadikire ine. Ukakangofika, ukakhala pansi, akakupatsa madzi, ukawauze mawu awa monga ndawalembera, osawonjezera kapena kuwakometsa: "Azakhali, ababa akuti sanali inu. Anali manja awo."

Uyende bwino, mwana wanga. Ambuye akutsogolere.

Ndine bambo ako,
Gerevazio Banda